Mabelo 134 ndi Tiyirumu ya Esnati

Lolemba

Ndabwerako ku kosi ya ku Mponela. Masiku atatu, tiyi wamkaka kawiri pa tsiku. Timaphunzira kalongosoledwe ka magalimoto onyamula katundu: lole iti ipite kuti, inyamule zingati, idzere njira iti. M'makalabu athu anayi a fodya palibenso wina amene waphunzira zimenezi. Ndine ndekha. Mpake, ulembi ndaugwira zaka zisanu ndi chimodzi.

Zomwe ndabwera nazo:
- setifiketi, dzina langa lotayipidwa ndi makina
- mapepala akuluakulu anayi
- mabolopeni awiri, yofiira ndi yabuluu
- chimfine

Ku okushoni ku Kanengo atipatsa tsiku la Loweruka. Tikaliphonya tidzadikira lina lomwe palibe akulidziwa. Chaka chatha a kalabu ya Tikondane anadikira milungu isanu, fodya wina anachita nkhungu m'shedi, amayi ena analira. Chaka chino sizichitika, poti pali ine.

Mabelo:
- Tiyese, pamwamba pa phiri, 41
- Tikondane, kuchigwa, 38
- Mtendere, pamsewu, 30
- Chiyambi, kwathu kuno, 25 (atatu ndi anga)
Onse pamodzi 134.

Malole:
- ya Che Saidi a sitolo ya pa Malomo, mabelo 60
- yaing'ono ya a Gondwe, 30
- ina ya chinsinsi, 50

Ya chinsinsiyi ndi nzeru yanga. Mnzanga wa ku kosi wandinong'oneza kuti pali lole ya munthu wina imene imatula chimanga kumsasa wa othawa kwawo ku Dzaleka Lachinayi lililonse, n'kubwerera yopanda kanthu. Dalaivala wake sindinamuonebe. Koma pa pepala yalowa kale.

Malamulo a aphunzitsi ndi atatu. Yambani ndi njira yaifupi. Lole isayende yopanda katundu, kupita ngakhale kubwera. Siyani kampata ka zadzidzidzi. Kampata kanga ndi mabelo asanu ndi limodzi, chifukwa malole onse atatu akukwana 140.

Ndajambula kalabu iliyonse ngati kabwalo kofiira, misewu mizere yabuluu, mamailosi pambali. Ndagwiritsa rula ya mwana wanga Chisomo. Pepala lakongola moti ndaima patali kuliyang'ana.

Chakumadzulo kwabwera amayi, ali ndi mng'ono wanga Esnati. Ndawapatsa amayi setifiketi. Aigwira, aitembenuza, akuti, "Pepala lolimba." Kenako Esnati wamasula mpango, watulutsa paketi ya shuga ndi sopo wamtanda, ndipo nkhani ya setifiketi yathera pomwepo. Shuga yekhayo amuyamikira mpaka madzi osamba kuzizira.

Esnati anasiyira sukulu Sitandade 6. Ali ndi tiyirumu pa Malomo, mabenchi atatu ndi ketulo yakuda bii. Ine ndili ndi JC. Koma amayi akamauza anthu za ana awo amati, "Wamkulu amalemba bwino, wamng'onoyu ndiye ali ndi mutu."

Esnati wavalanso wotchi yapamkono. Ikuyenda.

Wayang'ana pepala langa, akuti, "Zokongola, achemwali. Koma mtsinje wa ku Tikondane uli pati?" Ndamuuza kuti pa pulani sitijambula mitsinje, timalemba mamailosi. Wangoti, "Oho."

Atachoka, bambo a Chisomo akuti, "Mng'ono wanuyu amadziwana ndi madalaivala onse. Bwanji osamufunsako?" Ndiwo ndawagawira zochepa.

Lachiwiri

Msonkhano wa komiti m'kalasi, ana ataweruka. Ndamata pulani pa bolodi ndi minga ya mthethe. Ndavala diresi ya ku kosi.

Ndafotokoza bwinobwino. Che Saidi atenga a Tiyese onse ndi ena a Tikondane. A Gondwe atenga otsala a Tikondane ndi ena athu. Lole yachitatu itenga a Mtendere ndi athu otsala. Palibe lole yodutsa msewu umodzi kawiri. Ndatha, ndadikira m'manja.

A Mbewe, tcheyamani wathu, akhosomola. Akuti, "Amlembi, mwagwira ntchito. Koma masiku ano ndi a matipate, pepala silingatilamule. Tivote."

Tavota kuti kalabu yoyamba kupakira ikhale iti. Kalabu iliyonse yadzivotera. Tavotanso. Chimodzimodzi, kungoti ulendo uno a Mbewe akweza mkono kawiri.

Zina zomwe zatuluka, zomwe ku kosi sanatiuze:
- A Tiyese sakufuna mabelo awo akwere lole imodzi ndi a Tikondane. Chichokereni chisankho chija sapatsana moni. Ena akuti nkhani yake ndi ya zipani, ena akuti ndi ya mbuzi.
- A Mtendere akuti iwo ali pamsewu, ndiye sangapakire pomaliza ngati anthu a kutchire. A Tikondane afunsa kuti akutchirewo ndani.
- Anthu 27 akufuna kukwera nawo kuti akaone fodya wawo akulowa pageti ndi maso awo.

Ndawauza kuti munthu mmodzi pa lole amadya malo a belo limodzi. Wina kumbuyo akuti, "Ndiye a tcheya ndi belo ndi theka." Aseka onse. Ine ndaika nambala ija pa bolodi, 134 kuphatikiza 27, koma palibe amene amayang'ana, chifukwa pakhomo panali pataima Esnati ndi beseni la mandasi.

Sindikudziwa amene anamuuza za msonkhano. Si membala. Salima fodya ngakhale phesi limodzi.

Anthu atembenukira kwa iye ndi mabenchi omwe. "Esnati, lole ya a Gondwe ili bwino?" Iye, "Anasintha tayala sabata yatha, koma sabata ino musaiwerengere kwambiri." Onse kugwedeza mitu ngati ali m'tchalitchi. Palibe amene wafunsa kuti chifukwa chiyani. Inenso sindinafunse. Lole ya a Gondwe ili pa pepala, yolembedwa ndi inki.

Wandipatsa mandasi awiri aulere pamaso pa komiti yonse, akuti, "Idyani achemwali, mwayankhula kwambiri." Ndawalandira. Ndawadya. Ndi okoma, ndipo zimenezo zandipsetsanso mtima.

A Mbewe atseka msonkhano pondipempha kuti ndikonze pulani ina yoganizira maganizo a anthu. Ndatenga pepala lachiwiri. Tiyese ndi Tikondane ndawalekanitsa, mamailosi achuluka, kampata ka zadzidzidzi kadyedwa ndi okwera. Pulani 2 siyokongola ngati yoyamba. Mzere umodzi wapindika chifukwa ndinayetsemula.

Lachitatu

Ndapalasa njinga mpaka pa Malomo kukatsimikiza malole. Fumbi, mphepo yozizira yochokera kumapiri.

Che Saidi andilandira bwino, andipatsa mpando kuseri kwa kauntala. Ndawaonetsa Pulani 2. Avala magalasi, aiyang'ana nthawi yaitali, aloza kabwalo ka Tiyese. Akuti, "Amayi, 60 ija ndi ya pamsewu wabwino. Chitunda cha ku Tiyese lole yanga imatsika ndi 35, kupitirira apo mabuleki amanunkha. Komanso Lachisanu a Jafali, dalaivala wanga, masana amakhala kumzikiti. Mng'ono wanu sanakuuzeni?"

Ndati mng'ono wanga sali mu komiti.

Kwa a Gondwe ndapeza lole ikutsukidwa, akuimangirira nsalu ndi nthambi m'mbali. Yabwerekedwa ndi a chipani. Mawa ikutenga amayi ovina kupita nawo kumsonkhano ku boma, ikagona komweko, ibwera Lachisanu nthawi yomwe msonkhano uthere. A Gondwe akuti, "Nkhaniyi ndinainena Loweruka ku tiyirumu. Ndimayesa yakufikani."

Aliyense amanena zinthu ku tiyirumu. Kalata zanga zitatu zomwe ndinatumiza mwezi watha palibe anayankha ngakhale imodzi. Ya a Gondwe ndaiona, aitsekera pagalasi losweka la lole.

Sindimafuna kulowa kwa Esnati. Koma njinga inaphwa, ndipo wopopa amakhala pakhonde pake.

Ndasuzumira pazenera. Madalaivala atatu ndi makapu awo. Esnati waima pa tebulo, wayala zitsekerero za mabotolo, wathira kamzere ka shuga pakati ngati mtsinje. Akusuntha chitsekerero chimodzi ndi chala, akuti, "Inu mukatula matumba a Che Saidi kuno, musabwerere chabe, mudzere uku mutenge mtedza wa amayi aja. Inuyo musadutse pamlatho, mudikire tsidya lino." Dalaivala wina wanyambita chala, wadya mtsinje. Aseka.

Ndaima pazenera ngati wakuba. Zomwe tinaphunzira masiku atatu, ndi aphunzitsi a tayi, iye akuchita ndi zitsekerero za Fanta. Malamulo ake ndi omwewo. Sakudziwa n'komwe kuti ndi malamulo.

Zomwe Esnati ali nazo, ine ndilibe:
- wotchi
- mpata wa pakati pa mano umene anthu amati ndi wokongola
- madalaivala omumvera
- amayi

Zomwe ine ndili nazo, iye alibe:
- JC
- setifiketi
- lole ya chinsinsi

Wandiona. "Achemwali, lowani mumwe tiyi." Ndati ndathamanga. Wopopa anali asanayambe n'komwe, ndiye ndaima panja mphindi makumi awiri, wothamanga, iye akundiyang'ana pazenera.

Pulani 3: Che Saidi ndi lole ya ku Dzaleka basi, imodzi ibwereze ulendo. Mawa ndikupita ndekha kukaigwira. Sindiuza munthu. Bambo a Chisomo ndawauza kuti ndikukaona odwala.

Lachinayi

Ndadzuka m'mamawa. Matola mpaka ku boma la Ntchisi, nditakhala pa thumba la mbatata, nkhuku ya munthu wina pamiyendo panga. Matola ena kulowera ku Dowa. Galimoto yachiwiriyi yaima kanayi, kawiri kuthira madzi, kawiri kukankha. Ndakankha nawo, diresi ya ku kosi ili m'thupi.

Ku Dzaleka ndafika dzuwa lili pamutu. Ndili mwana dzina limeneli tinkalitchula monong'ona, poti kunali ndende. Lero pali timisika, ana akuthamanga, anthu akuyankhula zilankhulo zomwe sindikuzimva. Mayi wina wamtali wandigulitsa kamkate kokoma kotchedwa chibama, tamvana ndi zala. Mphepo yake ya pamenepa ndi yolowa m'mafupa.

Lole palibe.

Ndafunsa bambo wina wokonza njinga pafupi ndi msewu. Akuti, "Ya chimanga? Ya a Nkhoma? Sabata ino inabwera dzulo. Inatula, inapita." Ndafunsa kuti yabwerera ku Lilongwe? Akuti ayi, a Nkhoma akatula amakonda kukazonda akazi awo kumudzi, bwana wawo amawalola. Kumudzi kwake kuti? Waganiza pang'ono. "Cha ku Ntchisi uko. Pa Malomo."

Ndakhala pa mwala. Ndadya chibama chonse.

Ulendo wobwerera sindiulemba.

Ndatsika pa Malomo dzuwa litapendeka. Lole yaikulu yobiriwira, yopanda kanthu, tenti yopindidwa bwino pamwamba, yaima pakhomo penipeni pa tiyirumu. Dzulo lija ndikuima pazenera, mmodzi mwa madalaivala atatu aja anali a Nkhoma. Ndi amene anadya mtsinje. Lole inali kuseri, akuti, kumthunzi.

Ndawapeza pa benchi. Ndadzitchula dzina ndi udindo, ndatambasula Pulani 3. Aulemu ndithu. Akuti, "Ndamva za fodya wanu, amayi. Malo alipo, Loweruka ndikubwerera ku tauni. Koma muyankhule ndi a Esnati, ndi amene akudziwa mmene sabata yanga ilili."

Ndiyankhule ndi Esnati. Ine, amene ndinamubereka kumsana, amene ndinamuphunzitsa kumanga mpango.

Iye watuluka akupukuta manja. "Achemwali, fumbi lonseli mwalitenga kuti? Odwala ali bwanji?" Ndiye kuti bambo a Chisomo anadutsa pano. Ndati odwala ali bwino. Ndati komiti ili ndi dongosolo lake, siyendera za m'matiyirumu. Ndapinda pepala, ndatenga njinga yanga.

Pulani 4, pepala lomaliza. Lole imodzi, ya Che Saidi, maulendo atatu. Ndawerengera kawiri. Zikutheka, a Jafali akapanda kudya, kugona ndi kupemphera. Ndatumiza uthenga ku Tikondane kuti mawa m'mawa atulutse mabelo onse m'shedi, awaunjike pabwalo, lole ikangofika tisataye nthawi.

Lachisanu

Kwacha ndi mitambo yotsika. Phiri la Tiyese silikuoneka.

A Jafali afika pa nthawi yake, ndakwera kutsogolo. Kanthawi kochepa ndasangalala. Ndimayang'ana pa pepala, ndimayang'ana msewu, zikugwirizana. Tatsetsereka kulowa kuchigwa, takhota, lole yaima.

Mtsinje.

Mlatho wake ndi mitengo ya bulugamu isanu ndi umodzi, yoyala matabwa pamwamba. A Jafali atsika, aponda thabwa limodzi, lalira. Abwerera, akuti, "Amayi, apa pamadutsa ngolo ndi lole yaing'ono. Iyi ikakwera apa, tikaitola m'madzi." Ndawaonetsa mzere wabuluu. Akuti mzerewo ndi wabwino, koma iwo sawoloka.

Tsidya linalo, pabwalo la shedi, mabelo 38 ali pamtetete monga ndinalamulira. Anthu aima pambali pake akutiyang'ana. Kuchoka pabwalopo kufika pamlatho ndi mtunda woti belo silingasenzedwe pamutu. Ngolo za ku Tikondane zonse zinapita kumaliro kumudzi wina.

Ndiye chiperoni chayamba. Osati mvula yeniyeni, kamvula kaufa kaja kolowa paliponse.

Ndawoloka wapansi, ndathamanga. Amuna akukokera mabelo m'shedi, akutukwana, sakutchula dzina koma akudziwa mwini wake. Gogo Nabanda ali ndi mabelo awiri okha, fodya amene alima okha chimwalirireni amuna awo. Ndawapeza atavula chitenje chakunja, afunditsa belo limodzi, linalo aligonera ndi thupi lawo. Sanandikalipire. Angoti, "Amlembi, mwati lole ibwera nthawi yanji?"

Ndawathandiza kukankha. Mabelo alowa onse, anyowa pang'ono pachiguduli, mkati ayi. Pulani 4 inali m'khwapa, inki yofiira yasungunukira pa bulauzi.

A Jafali ayang'ana kumwamba, akuti nthawi ya mapemphero yayandikira. Tabwerera pa Malomo opanda belo ngakhale limodzi. Lamulo lachiwiri ndaliphwanya kupita ndi kubwera komwe.

Ndaima pakhomo pa tiyirumu nthawi yaitali. Kenako ndalowa.

"Ndabwera kudzamwa tiyi."

Esnati watenga kapu. Wandithirira, shuga masupuni atatu, wandifunditsa juzi yake. Wadikira ndimwe theka. Kenako watsanulira zitsekerero pa tebulo.

"Achemwali, manambala ndimasokoneza. Mundithandize."

Sasokoneza. Koma ndatenga bolopeni.

Akuti lole ya a Gondwe ichoka ku boma msonkhano ukatha, ndipo amayi ovina ambiri ndi a ku Tikondane. Ikawatsitsa kwawo ikhala ili kale tsidya lija, yopanda kanthu. Iwolotse mabelo pang'onopang'ono, khumi ndi awiri kapena khumi ndi atatu pa ulendo, kuwatula kwa a Jafali tsidya lino. Ku Tiyese lole isakwere n'komwe. Ngolo zitsitse mabelo mpaka pamsewu, a Nkhoma adikire pansi ndi tenti yawo. Eni ngolo ndi amene amamubweretsera nkhuni, watumiza kale mawu.

Watumiza liti? Dzulo, akuti. "Ndimangoti mwina."

Ndawerengera:
- a Nkhoma: Tiyese 41, Chiyambi 9, akwana 50
- a Jafali: Mtendere 30, Chiyambi 16, Tikondane 14, akwana 60
- a Gondwe: Tikondane 24, malo otsala okwera anthu

Tiyese ndi Tikondane sakukhudzana. Zakwana ndendende, 134. Zandiwawa kuti zakwana.

Za anthu 27 aja ndafunsa kuti titani. Akuti wawauza kale kuti ku Kanengo kulibe pogona ndipo nsima ya kumeneko ndi yodula. Pofika madzulo atsala asanu ndi awiri.

Tagwira ntchito mpaka dzuwa kulowa. Lole ya a Gondwe yafika ili ndi nthambi zake, amayi akuimbabe mawu atasasa. Atsika, ndipo ena mwa iwo ayamba kukweza mabelo ndi nsalu za chipani zili m'chiuno. Yawoloka katatu, matabwa akulira, ine nditatseka maso. Ndaima pamlatho ndi kope, kulemba nambala ya belo lililonse. Esnati waima pa chulu, akuloza ndi dzanja la wotchi. Wina aliyense wodutsa akuti, "Koma Esnati."

Bambo a Chisomo nawonso anena. Ndawamva.

Loweruka

Tanyamuka kukuyera. Malole atatu mondondozana.

Mipando yakutsogolo: kwa a Jafali, a Mbewe. Kwa a Gondwe, Gogo Nabanda, poti ndi achikulire, ndipo pamenepo sindikudandaula. Kwa a Nkhoma, Esnati. Akuti akukagula katundu wa tiyirumu. Ine, mlembi, wonyamula mapepala onse a fodyayu, ndili pamwamba pa mabelo, pakati pa amuna awiri a ku Tikondane amene sakundiyankhula.

Esnati anati tisinthane. Ndinakana. Ndimayembekeza kuti anenanso kachiwiri. Sananene.

Pa Mponela tadutsa pakhomo penipeni pa holo ya kosi. Ndayang'ana kumbali. Pa Mtengowanthenga taima kuti a Gondwe athire madzi, Esnati watsika, wandiponyera nthochi ziwiri. Mphuno yanga ikuchucha, maso ofiira ndi fumbi. Iye mpango uli mwaudongo ngati akupita ku ukwati.

Ku Kanengo mzere wa malole ndi wautali, koma tsiku ndi lathu, tatsitsa masana. Kalaliki wolandira katundu wawerenga mabelo, wayang'ana mapepala anga, sanapeze cholakwa ngakhale chimodzi. Malole ena awabweza chifukwa manambala a pa belo ndi a pa pepala akusiyana. Athu ayi. Akuti, "Makalabu anayi, malole atatu, tsiku limodzi, zonse zolongosoka. Wakonza ndani zimenezi?"

Ndatsegula pakamwa. A Mbewe aloza kale ndi chipewa. "Mayi uyo, wa wotchiyo."

Gogo Nabanda aona mabelo awo awiri akulowa, apukuta maso, agwira dzanja la Esnati ndi manja awiri. Kenako agwiranso langa. Ndi dzanja limodzi, koma agwira.

Pobwerera a Nkhoma atsala m'tauni. Ndimati malole awiriwa abwerera opanda kanthu, ndipeze ponena. Ayi. Esnati anapangana kale ndi Che Saidi. A Jafali apakira mchere, shuga, ufa wa tirigu ndi malata a sitolo. A Gondwe apakira simenti ya tchalitchi china cha ku Ntchisi ndi bedi la aphunzitsi ena amene asamutsidwira kwathu.

Ndabwerera nditakhala pa bedilo. Ulendo wonse ndi pokhapo pamene ndakhala pofewa.

Lamulungu

Chimfine chakula. Kutchalitchi ndaimba ndi mphuno.

Titaweruka a Mbewe aitanitsa komiti panja, mwachidule. Zomwe agwirizana, popanda ngakhale kuvota:
- Esnati alowe mu komiti ngati woona za mayendedwe, ngakhale salima fodya
- kosi ikadzabweranso, adzapite Esnati
- alemberedwe kalata yothokoza

Kalatayo alembe ndani? Onse ayang'ana ine. "Amlembi, inu ndi amene muli ndi dzanja labwino."

Ndailemba masana pakhonde. Poyamba ndinalemba mizere itatu youma. Ndaiwerenga, ndakumbukira Gogo Nabanda atagonera belo, ndaing'amba. Yachiwiri yadzaza tsamba. Ndalembamo za mlatho, za ngolo, za lole ya amayi ovina. A Mbewe anati musasowe mawu akuti "wanzeru". Ndawaika kamodzi. Anakwanira pawiri, koma ndawaika kamodzi.

Ndakaipereka kwa amayi, kumene Esnati amadya Lamulungu lililonse. Esnati waitsegula, wayendetsa chala pamzere woyamba, milomo ikugwedera. Wafika pa mawu achinayi, waima. Wandibwezera.

"Ndiwerengereni, achemwali. Zolemba zolumikiza zimandivuta."

Ndawerenga mokweza, amayi akumvetsera, bambo a Chisomo akumvetsera, nkhuku zikumvetsera. Nditamaliza amayi akuti ndibwereze. Ndabwereza.

Pondiperekeza, titafika pamphambano, Esnati wachepetsa mawu. Akuti za kosizo sakuzifuna. Akuopa kuti akamuimika pa bolodi pamaso pa anthu, akamupatsa choko. Wafunsa ngati ndingamamuphunzitse kulemba ndi kuwerenga bwinobwino, masana makasitomala akachepa, popanda wina kudziwa. Sanandiyang'ane kumaso. Amaseweretsa lamba wa wotchi.

Ndati ndiona ngati mpata upezeke.

Tiyamba Lachiwiri. Kope ndamugulira kale, la mizere ikuluikulu. Chondivuta n'chakuti mwanayu ndimamudziwa. Pofika nthawi yokolola adzakhala akulemba bwino kundiposa.